Mwaletsa mtedza, nanga jakisoni ali kuti?

Pali kakalata kamene kakuyenda m'zikwama za ana masiku ano. Sukulu ina ya mkombaphala mumzinda uno, ija ya eni ake, ya mpanda wojambulidwa mbewa zovala nsapato, yalembera makolo kuti kuyambira teremu ino mwana asaonekenso pageti atanyamula mtedza, chiponde kapena chakudya chilichonse cholowa nsinjiro. Kalatayo ndi ya m'Chingerezi, poti kumeneko mwana akalankhula Chichewa amapatsidwa chibalo. M'munsi mwake a dayilekitala awonjezerapo uphungu waulere kwa amayi amene ali ndi makanda kunyumba: mwana asalawe mtedza mpaka atakwanitsa zaka zitatu, kuopa kuti ungadzayambe kumuwenga. Sanatchule kuti pasukulupo pali ana angati amene mtedza umawawenga. Sanatchule dokotala amene anamufunsa nzeru. Angoti akutsatira zimene masukulu a kunja amachita, basi, chidindo pha!

Mukudziwa mmene zinthu zimayendera mu Blantyre muno. Chimene chayambira kumayadi chimatsikira ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa, pofika ku Bangwe ndi ku Machinjiri chasanduka lamulo, ndipo palibe amene amakumbuka kufunsa kuti chinachokera kuti. Masukulu ena ayamba kale kutengera, kuopa kuti makolo angawaone otsalira. Chikamatha chaka chino, mayi wa ku Ndirande amene wapakira mwana wake futali adzakhala akuitanidwa ku ofesi kuti akayankhe mlandu.

Aliyense amene anakhalapo pa desiki amamudziwa mwana woonera mayeso. Amasuzumira pa pepala la mnzake n'kukopera yankho liwu ndi liwu. Mwini yankho uja amazindikira kuti walakwitsa, amafufuta n'kulemba lina, koma wokopera wapereka kale pepala, ali panja akuyenda monyang'wa. A dayilekitala athu ndi mwana ameneyu. Yankho limene akopera eni ake anafufuta kalekale, mwana aliyense amene ali pasukulu pawo asanabadwe n'komwe.

Nkhani yake ili chonchi. Mu 1998 boma la Britain linalangiza mabanja a mtundu wa ziwengo kuti mayi woyembekezera ndi woyamwitsa asadye mtedza, ndipo mwana asaulawe kufikira zaka zitatu. Mu 2000 bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, nalonso linati ana otere adikire zaka zitatu. Zinkamveka zanzeru. Makolo anamvera, mabotolo a chiponde anachotsedwa m'makabati. Koma chiwerengero cha ana owengedwa ndi mtedza sichinatsike ayi, chinangopitirira kukwera. Mu 2008 a ku America anabweza mawu awo, a ku Britain n'kutsatira mu 2009.

Chaka cha 2008 chomwecho madokotala a ku London, Gideon Lack ndi George du Toit pamodzi ndi anzawo, anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anagwetsa nkhope za anthu ambiri ophunzira. Anayerekeza ana achiyuda okulira ku Britain ndi ana achiyuda okulira ku Israel, anthu a mtundu umodzi. Ku Britain mtedza unkawenga ana pafupifupi 2 pa 100 aliwonse. Ku Israel sankakwana n'komwe 2 pa 1,000. Kuwirikiza kakhumi. Chinsinsi chake sichinali mankhwala kapena nyengo. Makanda a ku Israel amayamba kumung'unya timapafu ta mtedza totchedwa Bamba asanakwanitse chaka, pamene anzawo a ku London ankabisiridwa mtedza mwachikondi.

Madokotala aja sanalekere pomwepo. Anatenga makanda 640 a miyezi yapakati pa 4 ndi 11, osati makanda wamba, koma aja amene anali pachiopsezo chenicheni: a khungu lodwala kwambiri, kapena amene dzira linkawawenga kale. Anawagawa pawiri. Gulu lina lizidya zakudya za mtedza katatu kapena kuposerapo pa sabata, lina lisaulawe mpaka zaka zisanu. Zotsatira zinatuluka mu February 2015 m'magazini ya New England Journal of Medicine. Mwa ana amene anamanidwa mtedza, 17 pa 100 aliwonse unkawawenga pofika zaka zisanu. Mwa amene ankadya, anali 3 okha pa 100. Mu 2017 dziko la America linasintha malangizo ake n'kuyamba kuuza makolo kuti aziyambitsa ana mtedza akadali makanda. Mu 2024 ofufuza anawaonanso ana omwe aja atafika zaka 12 ndi kuposerapo, n'kupeza kuti chitetezo chija chikadalipo. Ndiye kuti uphungu umene a dayilekitala akugawa mwaulere ndi womwe uja umene unachulukitsa matenda kasanu pa kafukufukuyu. Akopera yankho lofufutidwa, ndipo akufuna kuti ife tiwaombere m'manja.

Akatswiri amafotokoza kuti thupi la khanda limaphunzira. Chimene chalowa podzera m'kamwa n'kufika m'mimba, chitetezo cha m'thupi chimachizolowera kuti ichi n'chakudya. Koma fumbi la mtedza likalowa podzera pakhungu losweka, la mwana wodwala eczema, lija louma, loyabwa, losupuka m'masaya ndi m'mapindiro a mikono, thupi limaliyesa mdani n'kuyamba kulikonzekera nkhondo. Tsopano taganizirani nyumba ya ku Makata kapena ku Nthukwa. Nsinjiro amasinjira pakhonde, amasefera pakhomo, manja omwewo n'kunyamula mwana, chitenje chomwecho n'kumuberekera. Mtedza wafika kale pakhungu pake, mufune musafune. Mukamumana wa m'kamwa kwa zaka zitatu, mwatseka njira yabwino n'kusiya yoipa yokhayo ili pululu. Ngati kuli malo padziko lino kumene uphungu umenewu ungapweteke ana, ndi kuno kwathu.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti yankho lolondola linali kale m'khitchini mwathu. Agogo athu sanadikire magazini ija ya ku Boston. Mwana akangoyamba phala, nsinjiro inkalowamo. Lero lomwe, pitani kusikelo ku Ndirande, ku Zingwangwa kapena ku South Lunzu mukamve zimene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa: yamwitsani mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi, kenako yambani phala la mgaiwa lothira nsinjiro, timafuta pang'ono, timasamba tosinja. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene amayi amaloweza pabenchi, mtedza uli pomwepo pamodzi ndi nyemba, nandolo ndi soya. Pafupifupi theka la njere ya mtedza ndi mafuta, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zomanga thupi. Nkhwani wotendera, chigwada chotendera, mpiru wotendera, futali wa mbatata m'mawa wa mwezi wa June: umu ndi mmene anthu osauka akhala akulerera ana opanda nyama patebulo. Azungu anawononga zaka ndi ndalama zankhaninkhani kuti atulukire zimene mayi wa ku Goliyo amachita ndi mtondo wake. Iwo atafika pamene tinali ife, ife tikunyamuka kupita kumene iwo athawako.

Ndipo mwa mizinda yonse, Blantyre ndiye woti achite manyazi kuposa onse. Chiponde chija cha m'timapaketi chimene ana onyentchera amalandira kuchipatala chinapangidwa koyamba ku France cha m'ma 1996 ndi dokotala André Briend, koma amodzi mwa malo amene chinaonetsera mphamvu zake ndi pa Gulupu pomwepa. Mu 2001 dokotala wa ana Mark Manary ndi anzake anayesa njira imene panthawiyo inkaoneka yachilendo: m'malo mosunga ana onyentchera m'wodi kwa masabata, anawatulutsa kuti azikadya chiponde kunyumba. Mwa amene ankadya chiponde chokwanira, 95 pa 100 anafika pa sikelo yofunika, pamene mwa amene sankadya chiponde chokwanira anali 78. Mu 2004 kunabadwa bungwe la Project Peanut Butter, lopanga chiponde kuno ndi mtedza wa alimi athu, ndipo mu 2007 mabungwe a United Nations anavomereza njira yochizira ana kumudzi kuti igwiritsidwe ntchito padziko lonse. Timapaketi ta magalamu 92 tadzutsa ana amene agogo awo anali atayamba kale kunong'onezana za maliro. Ana ena amene anapulumuka choncho lero ndi makolo, ndipo mwina ndi omwewo akulandira kakalata kowauza kuti mtedza ndi woopsa.

Ndikudziwa zimene anditumizire oikira kumbuyo a dayilekitala. Ati kupewa kumaposa kuchiza. Mawu okoma, oyenera pachikwangwani. Koma mukupewa chiyani, ndipo mukulipira ndi chiyani? Kafukufuku wa boma wa za umoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Kupinimbira si kufupika kokha, ndi ubongo umene sunakule mmene unayenera kukulira, ndipo sizibwezeka. Chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, dzira, mkaka ndi nyama zasanduka zakudya za alendo m'nyumba zambiri. Chatsala n'chiyani chimene mayi wogulitsa makala ku Bangwe angathire m'phala la mwana kuti lisakhale madzi ndi ufa chabe? Kapepala ka nsinjiro. Ndiye pabwere munthu wa tayi, amene ana ake amadya soseji, adzamuuze kuti achotsenso kameneko, chifukwa anawerenga penapake kuti ku London amatero. Ku London komweko anasiya, bwana. Mwachedwa ndi zaka zoposa khumi ndi zisanu.

Ndipo taonani zimene zikuloledwa kulowa pageti pomwe futali akubwezedwa. Timapafu ta utoto wachikasu umene umatsalira ku zala mpaka madzulo. Mabisiketi. Zakumwa za shuga za m'timabotolo, zofiira, zobiriwira, zina za mtundu umene Mulungu sanalenge. Masiwiti amagulitsidwa pa kantini ya sukulu yomweyo. Zimenezi ndiye zachizungu, zamakono, zoyenera mwana wa pasukulu yolipira. Palibe amene analemba kalata yodandaula za mano obooka a ana a zaka zinayi. Ndiye musatinamize kuti nkhani ndi thanzi. Nkhani ndi yakuti mtedza ukununkha kumudzi, ndipo sukulu imene ikufuna kukweza fizi imafuna lamulo lomveka ngati la kunja kuti makolo aone kuti ndalama zawo zikugwira ntchito. Kuletsa mtedza sikudula kanthu. Ndi pepala ndi inki.

Pali ena amene ayamba kunong'oneza makolo kuti akayezetse ana magazi kuti adziwe zakudya zimene zimawawenga, ngakhale mwanayo sanadwalepo. Apanso pafunika kusamala. Ku Ghana, kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2013 anayeza ana asukulu oposa 1,600. Magazi a ana pafupifupi 17 pa 100 aliwonse anaonetsa ngati mtedza umawawenga, koma amene ananena kuti unawavutapo sankakwana 2 pa 100. Ena onsewo ankadya mtedza bwinobwino. Ofufuza anapeza kuti chimodzi mwa zosokoneza ndi likodzo: thupi limene lalimbanapo ndi tizilombo ta likodzo limapanga asilikali amene makina amawaona ngati a mtedza. Likodzo kuno timalidziwa, ana athu amasamba m'mitsinje ndi kunyanja. Pepala la ku labotale palokha silitsimikiza kuti mwana ali ndi ziwengo. Mwana amene wakhala akudya ndiwo zotendera chibadwire popanda vuto, mtedza sumuwenga, kaya pepala linene zotani, ndipo kumusiyitsa ndiye kumuika pachiswe.

Tsopano ndilankhule ndi inu a mbali inayo, amene mwakhala mukugwedeza mutu movomereza n'kumati ziwengo ndi matenda a azungu ndi ana a mabwana. Inunso mukulakwa. Ana amene mtedza umawawenga alipo pakati pathu, ndipo kwa iwo kanjere kamodzi kakhoza kutseka kukhosi. Ku South Africa ofufuza a ku Cape Town anapeza kuti ziwengo za chakudya zinali ndi ana pafupifupi 25 pa 1,000 a m'tauni, pamene kumidzi ya ku Eastern Cape anali 5 pa 1,000. Moyo wa m'tauni umabwera ndi matenda ake, ndipo Blantyre ndi tauni. Mwana akatupa milomo atadya ndiwo zotendera, si kuti walodzedwa ndi aneba, si kuti akunyada, ndipo apongozi asamuumirize kuti adye azolowere. Kuyamba msanga kumateteza mwana amene sanayambe kuwengedwa. Amene wayamba kale, njira yake ndi kupewa mtedza kotheratu ndi kuonana ndi achipatala. Pafupifupi mmodzi mwa ana asanu otere amadzasiya kuwengedwa akamakula, koma kuyesa ngati zatha kumachitikira kuchipatala, osati pamkeka.

Zizindikiro zake zimabwera msanga, kawirikawiri m'mphindi zochepa, zikachedwa pasanathe maola awiri. Zikakhala zidzolo zoyabwa ndi kutupa pang'ono kwa milomo kapena zikope, mwana akupuma bwino, piritoni amathandiza, koma mwanayo musamuchotsere diso. Mawu akasasa, lilime likatupa, akayamba kutsokomola mosalekeza kapena kupuma mokoka, akamasanza mobwereza, akafooka n'kulobodoka kapena kukomoka, imeneyo ndi anaphylaxis, ndipo piritoni sangaiimitse. Mankhwala ake ndi amodzi: jakisoni wa adrenaline wobaya mumnofu wa panja pa ntchafu, msangamsanga, n'kubwereza pakatha mphindi zisanu ngati sizikusintha. Mwana agone chagada miyendo itakwezedwa, ngati akubanika akhale tsonga, koma asaimirire kapena kuyenda. Musamumwetse mkaka, musamusinjire makala, musamulowetse chala kukhosi kuti asanze. Pemphero pempherani muli m'njira. Ngakhale aoneke kuti wachira, apite kuchipatala ndithu, chifukwa nthawi zina vutoli limabwereranso patapita maola. Ndipo mwana wa mphumu ndiye ali pachiopsezo chachikulu kuposa onse.

Apa ndiye pamene ndikufuna a dayilekitala andiyankhe. Mwaletsa mtedza, chabwino. Mawa mwana akayamba kubanika m'kalasi, jakisoni ali kuti? Anti amene amayang'anira ana makumi anayi yekhayekha, amene malipiro ake sakwanira thumba la chimanga ndi lendi, anaphunzitsidwapo kusiyanitsa zidzolo wamba ndi kutsekeka kwa kukhosi? Pali kaundula wa ana amene ali ndi ziwengo, wolembedwa kuchokera m'mabuku awo a kuchipatala? Mwagwirizana ndi namwino uti, wa chipatala chiti chapafupi? Galimoto ya sukulu imakhala pamalo, kapena masana imakhala itapita kukagula simenti ya nyumba yanu? Kuchokera ku Machinjiri kapena ku Namiyango kukafika kuchipatala ku Ginnery Corner dzuwa lili pamutu, m'mizere ya magalimoto imene tonse timaidziwa, ndi ulendo umene mwana wotupa kukhosi sangaudikire, ngakhale pa kabaza. Jakisoni uja wonga cholembera amene ana a kunja amayenda naye m'chikwama sapezeka wamba kuno, ndipo ngakhale ku America anthu anachita kulira mu 2016 mtengo wake utafika madola 600 pa awiri. Koma adrenaline wa m'timabotolo tating'ono ndi mankhwala akale, otsika mtengo, ali pa mndandanda wa mankhwala ofunika m'zipatala. Chofunika ndi munthu wodziwa kuyeza mlingo wa mwana ndi kubaya. Zimenezi zimafuna ndalama, maphunziro ndi kutuluka mu ofesi. N'chifukwa chake sizinalembedwe m'kalata.

Poti mumakonda za kunja, imvani za kunja. Ku Massachusetts, ofufuza anaona kaundula wa masukulu a boma n'kufalitsa mu 2017 kuti masukulu oletsa mtedza sanachepetse chiwerengero cha ana ofuna jakisoni wa adrenaline poyerekeza ndi masukulu osaletsa. Chimene chinaoneka kuthandiza ndi tebulo lapadera lodyerapo lopanda mtedza. Mu 2021 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi a ku McMaster University ku Canada linatulutsa malangizo a masukulu ndi malo osungira ana. Linati kuletsa chakudya pasukulu yonse sikofunika kawirikawiri, chofunika ndi kuphunzitsa aphunzitsi, kukhala ndi dongosolo lolembedwa la mwana aliyense wodwala, ndi kusunga adrenaline. Ndiye yankho lachiwiri limene mwakopera nalonso eni ake akulifufuta. Pepala lanu lonse ndi la zofufutidwa.

Komanso lamulo limeneli mulilondola bwanji kuno? Ku Toronto chakudya chimabwera m'paketi yolembedwa zonse zimene zalowamo. Kwathu kuno chigumu, zitumbuwa ndi mandasi a pamsewu alibe chikalata. Mtondo umene wasinja nsinjiro dzulo ndi womwewo ukusinja zina lero. Chigayo chimene chagaya ufa wa phala wosakaniza mtedza ndi soya ndi chomwecho chikugaya mgaiwa wa munthu wotsatira pamzere. Mthiko ndi umodzi, sefa ndi imodzi. Mlonda wa pageti azinunkhiza kontena iliyonse? Choopsa chake n'chakuti mayi wa mwana amene mtedza umamuwengadi adzagona tulo poganiza kuti sukuluyi mulibe mtedza, anti naye adzaleka kuyang'anitsitsa, ndipo tsiku la tsikulo palibe amene adzaganize n'komwe za ziwengo, poti pachikwangwani analemba kuti mtedza kulibe. Mwana wotere amatetezeka ndi zinthu zosachititsa kaso: aphunzitsi onse amudziwe dzina ndi nkhope, adye chakudya chake chokha pamalo pake, anzake asambe m'manja ndi sopo akatha kudya, matebulo apukutidwe, ndipo iye mwini aphunzitsidwe kukana zogawiridwa. Ngati m'kalasi ya tiana ta zaka ziwiri, tolandana zakudya m'kamwa, muli mwana wotsimikizika ndi achipatala, kambiranani ndi makolo a kalasi imeneyo. Palibe kholo la ku Chilomoni limene lingakane kuteteza mwana wa mnzake likauzidwa zoona mwaulemu.

Kwa inu amayi amene kalatayi yakuopsezani, pitirizani zimene munaphunzira kusikelo. Mwana akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, nsinjiro yosefa bwino ilowe m'phala, yophikidwa mpaka ipse. Tsiku loyamba mupatseni pang'ono, masana, ali bwinobwino, mumuone kwa maola awiri. Zikayenda bwino musalekeze, azidya kangapo pa sabata. Chiponde cholimba chisungunuleni m'phala, musamupatse chibulumwa pa supuni. Mtedza wathunthu, wokazinga kaya wophika, musapatse mwana wosakwana zaka zisanu, osati chifukwa cha ziwengo koma chifukwa umatsamwitsa n'kulowa m'mapapo. Khanda la khungu lodwala kwambiri, kapena limene dzira linaliwengapo, liyambe laonedwa ndi achipatala musanaliyambitse, ndipo pitani msanga, musadikire kuti likule.

Ngati pali amene akufunadi kuopa china chake mu mtedza wathu, ndimusonyeze choti aope: chuku. Nkhungu ya mtundu wa Aspergillus ikamera pa mtedza kapena chimanga chosauma bwino imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Dziko linamudziwa poizoni ameneyu mu 1960, nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England chifukwa cha chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004 anapha anthu 125 ku Kenya kudzera m'chimanga. Samveka kukoma kulikonse akakhala wochepa, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Amalowa pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, n'kuyambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa amene ali kale ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B, ndipo kafukufuku wa ku Benin ndi ku Togo anamupeza wochuluka m'magazi a ana opinimbira. Chalimbana wathu ankapita wambiri ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo chimodzi mwa zimene zinatitayitsa msika umenewo ndi chuku yemweyu.

Tonse tikudziwa zimene zimachitika pakati pa munda wa ku Mchinji kapena ku Kasungu ndi msika wa Ndirande. Mtedza amauwaza madzi kuti usweke mosavuta ndi kuti ulemere pa sikelo, n'kuulonga m'matumba ukadali wonyowa. Wosalala, wodzadza bwino, amausankha kuti upite kwa ogula akuluakulu amene amayeza n'kubweza wosayenera. Wonyala, wobooka, wakuda m'kati, wotsalira pansi pa lichero, sautaya ayi. Amaugayitsa, chifukwa mu ufa palibe amene angaone njere yovunda, n'kuumanga m'timapepala ta nsinjiro timene amayi amagula madzulo potsika minibasi. Ndiye kuti mtedza woipitsitsa ndi umene ukuthera m'phala la makanda. Ofesi imene ntchito yake ndi kuyeza zakudya ilipo mumzinda muno, antchito ake amalandira malipiro mwezi ndi mwezi, magalimoto awo timakumana nawo pamsewu. Ndani anamuonapo mmodzi wa iwo atagwada pa benchi ya ku Zingwangwa akutenga kapepala ka nsinjiro kuti akakayeze? Masemina okamba za chuku amachitikira kunyanja, ndi alawansi, pamene chuku mwini wake ali pa msika wa Limbe akugulitsidwa pa kapu.

Pamene tikudikira kuti akuluakuluwo abwere kuchokera kunyanja, gulani mtedza wathunthu woti muuone ndi maso. Ukhuthulireni pa lichero, muchotse uliwonse wonyala, wosweka, wosintha mtundu kapena wowawa. Wochotsedwawo musapatse nkhuku, kwirirani. Wabwinowo sinjani nokha kapena kagayitseni muli pomwepo, wokwanira masiku ochepa, ndipo musunge pouma, osati pansi pafupi ndi ndowa ya madzi. Wogulitsa amene sakufuna kukuonetsani mtedza umene anagayitsa, musiyireni nsinjiro yake akathire m'phala la kwawo.